Kasefa kochepa ngati chala kanaimitsa Dyna yanga masabata asanu ndi awiri

Galimoto imene imandidyetsa ndi Toyota Dyna ya tani imodzi ndi theka, ya 2008, ya petulo. Injini yake ndi 1TR-FE ya malita awiri, imene imapezekanso m'ma Hiace ambiri. Ndinaigula mu 2021 kuchokera ku Japan, inatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Ntchito yanga ndi kunyamula katundu wa amayi a geni, tomato, kabichi ndi mbatatesi, kuchokera ku Lizulu ndi ku Bembeke kudzatula kwa Wakawaka ku Lilongwe. Sabata ikakhala yabwino ndimayenda maulendo atatu.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa, chifukwa ogulitsa masipeya achinyengo anangopeza munda ndalima kale ndekha. Kwacha itagwa mu May 2022, oyilo anakwera mtengo ndipo ndinasiya kugula wa m'chigubu chomata. Ndinayamba kugula wopima m'mabotolo m'mbali mwa msewu, amene amati ndi 20W-50. Aliyense pa siteji amanena kuti kuno kumatentha, injini imafuna oyilo wokhuthala, ndipo ine ndinangovomera. Poyamba ndinkasintha pa makilomita 5,000. Kenako ndinafika pa 8,000, mwinanso 10,000, fyuluta n'kumasintha ulendo umodzi wina n'kudumpha. Galimoto inkayenda bwinobwino, ndiye ndinkadziona wochenjera.

Mu June 2023 tinagona ku Bembeke kudikira kuti amayi amalize kulongedza. Kuzizira kwa kumeneko mukukudziwa. M'mamawa nditaliza galimoto ndinamva kaphokoso kutsogolo kwa injini, pansi pa mpando, kuti kwarrr, ngati munthu wagwedeza miyala m'chitini. Masekondi awiri okha, kenako zii. Mnyamata amene ndimayenda naye anandiyang'ana.

"Abwana, mwamva?"

"Ndi chisanu," ndinatero.

Kaphokosoko kanapitirira m'mawa uliwonse, ngakhale mu October kutatentha. Ndikanapita nayo kokaonetsa nthawi imeneyo, nkhani yonseyi ikanathera pa kutsuka ndi kusintha oyilo, mwinanso sipeya imodzi. Kaphokoso ka masekondi awiri poliza injini yozizira ya VVT-i (makina osintha nthawi imene mavalavu amatsegukira) si ka chisanu ayi. Ndi giya ya pa camshaft, chitsulo chozungulira chotsegula mavalavu, imene yayamba kulephera kudzitseka oyilo asanafike.

Mu November 2023 Kwacha inagwanso, ulendo uno ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya masipeya inkasintha m'mawa ndi madzulo. Ndipo mu January 2024, nthawi yoipitsitsa ya chaka, kagetsi ka check engine kanayaka. Dyna inasiya kukoka. Zitunda zimene ndinkakwera pa giya 3 ndili ndi katundu zinayamba kufuna giya 2, petulo n'kumatha ngati thanki yabooka. Ulendo umodzi unkadya malita asanu kapena asanu ndi limodzi oonjezera.

Ndinapita kwa makaniko wanga wa masiku onse, mnyamata wa pansi pa mtengo amene wandikonzera mabuleki ndi masipuling'i kwa zaka. Anamvetsera injini, naponda mafuta kawiri, n'kunena kuti ndi mapulagi ndi fyuluta ya petulo. Tinasintha. Zonse pamodzi ndi ntchito yake zinakwana K68,000. Anachotsa waya wa batire kwa kanthawi, kagetsi kanazima, ine n'kunyamuka ndikumwetulira. Ndisanafike ndi pa Nathenje pomwe kanayakanso.

Sindimuda mnyamatayo. Pa zitsulo ndi katswiri. Koma injini yoyendetsedwa ndi kompyuta siifufuzidwa ndi khutu lokha, ndipo kuzimitsa kagetsi pochotsa batire kuli ngati kutseka pakamwa mwana amene akulira ndi malungo.

Apa m'pamene ndinakaiyika pa kompyuta, K15,000. Inatulutsa nambala P0012. Wa kompyutayo anandiuza kuti ndi VVT, ndipo nthawi zambiri imakhala OCV, kavalavu ka magetsi kamene kamalowa pamutu pa injini. Anandilembera papepala kuti ndikagule. Sanaimasule, sanaiyeze, nanenso sindinamufunse. Ndinkaganiza kuti kompyuta ikanena, yanena. Zimene ndinadzaphunzira mochedwa n'zakuti nambalayo sinena kuti sipeya yakuti yafa. P0012 imangotanthauza kuti camshaft yatsalira m'mbuyo, siikufika pamene kompyuta ya galimoto ikuifuna. Chochititsa chingakhale OCV, chingakhale giya, chingakhalenso oyilo amene sakufika.

Ndinazungulira mashopu a masipeya tsiku lonse. Pena anati olijino ndi K190,000 ndipo mpaka aitanitse. Pena kulibe. Kenako ndinafika pa kashopu kena pamene mnyamata anatulutsa kabokosi kofiira ndi koyera, kolembedwa bwino, kokhala ndi nambala ndi sitika yonyezimira.

"Iyi ndi olijino, akulu. Yangofika kumene. Kwa inu K45,000."

Mtima unandiuza kuti chinthu cha K190,000 sichingatsike chonchi chifukwa cha nkhope yanga. Koma m'thumba munali K70,000, sukulu zinali zitangotsegulira, ndipo amayi a ku Lizulu anali atandiimbira kale katatu. Ndinagula. Makaniko wanga anaimanga pa K10,000, pakuti ndi bawuti imodzi ndi pulagi ya magetsi basi. Yakale anafuna kuiponya pa mulu wa zitsulo, koma mnyamata wanga anaitola, naikulunga m'pepala la shuga, n'kuiponya kuseri kwa mpando. Ine mpaka ndinamuseka kuti akutolera zinyalala.

Masiku anayi zinkaoneka ngati zasintha pang'ono, kapena ndinkangofuna kukhulupirira choncho. Tsiku lachisanu tikuchokera ku Lizulu ndi madengu a tomato odzaza, nditachepetsa liwiro pa Chimbiya, injini inayamba kunjenjemera n'kuzima. Ndikaliza inkalira, koma ndikangochotsa phazi pa mafuta inkazimanso. Tinaikankhira pambali cha m'ma 4 koloko masana, mvula ikuwaza. Amayi atatu eni katundu anali pomwepo. Wina, wamkulu ndithu amene wakhala kasitomala wanga kuyambira tsiku loyamba, sanakalipe. Anangokhala pa mwala n'kufunda chitenje kumutu, nati, "Achimwene, mpamba wanga wonse uli m'madengumu." Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Galimoto ina yosamutsira katundu inapezeka usiku. Tomato wapansi anali ataphwanyika posamutsa, msika wa m'mamawa n'kuwadutsa. Hayala ya galimoto inayo, kukoketsa Dyna mpaka ku Lilongwe, ndi kupepesa amayi pa tomato woonongeka, zinandidyera K160,000. Ndalamayi mayi a kunyumba anakatenga ku banki m'khonde.

Kompyuta ulendo uno inati P0011, kutanthauza kuti camshaft yapitirira kutsogolo n'kukakamira komweko. Ndinabwerera ku kashopu kaja ndi OCV m'manja. Mnyamata uja anandiloza chikwangwani cha pakhoma chonena kuti zamagetsi sabweza. Risiti sanandipatse pogula, nanenso sindinaipemphe.

Apa ndiye ndinalakwitsa kachiwiri, mokulirapo. M'malo moima n'kuganiza, ndinapsa mtima n'kufuna kuthana nazo msanga. Makaniko wina wa galaja yoyandikana anati vuto si OCV, ndi giya ya VVT yeniyeniyo, umboni wake ndi kaphokoso ka m'mawa kaja. Pamenepo sananame. Koma giya imene tinapeza inali ya m'bokosi loyera lopanda dzina la kampani iliyonse, K135,000, ntchito K60,000. Anatsegula topu kava, chivundikiro cha pamwamba pa injini, ine palibe. Nditabwera madzulo anali atatseka kale, ndipo sanandiuze zimene anaona m'katimo. Injini inalira, koma molemera, ndipo inatulutsa nambala yachitatu, P0016, imene imati camshaft ndi crankshaft, chitsulo chozungulitsidwa ndi mapisitoni, sizikugwirizana. Patatha sabata ndi masiku awiri, giya yatsopanoyo inayamba kulira kwarrr kuposa yakale ija, osati m'mawa mokha.

Mnzanga wina pa siteji anandilangiza kuti ndingoipha VVT. Anati amaiwotcherera giyayo kuti isamasunthe, nkhani n'kutha. Mphwanga amene amakonda YouTube anandionetsanso kuti ku America amagulitsa tizitsulo totsekera magiya oterewa pa Ford F-150 za injini ya 5.4, zimene zimadziwika ndi vuto lomweli. N'zoona, tilipo. Koma iwo akatseka amasinthanso pulogalamu ya m'kompyuta ya galimoto kuti isamayembekezere camshaft kusuntha. Kuno ndani akanandichitira zimenezo pa Dyna? Ndikanatsala ndi kagetsi koyaka mpaka kalekale, galimoto yosakoka ndi yomwa petulo, amene ndi matenda omwe ndinkathawa. Ndinatsala pang'ono kuvomera, chifukwa chotopa.

Dyna inakhala pakhomo masabata awiri, nkhuku zikubisala mvula pansi pake. Usiku tulo sinkabwera. Ndinkawerengera ngongole, kenako n'kuyambiranso kuwerengera ngati kuti ichepa. Mayi a kunyumba ndi amene anati tsiku lina, "Bambo, mwagula zinthu katatu konse. Alipo mwa anthu amenewa amene anakuonetsani ndi maso chimene chaonongeka?" Ndinalibe yankho. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya lokwanira.

Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu anandilozera kwa mdala wina amene anagwira ntchito zaka zambiri m'galaja yaikulu asanapume, pano amakonzera kunyumba kwake. Tinaikokera kumeneko. Mdalayo sanafunse za manambala a kompyuta poyamba. Anatsegula chotsekera oyilo, nalowetsa chala, n'kuchitulutsa chili ndi phala lakuda ngati phula la pamsewu.

"Mwana wanga, oyilo umathira wanji, ndipo umasintha liti?"

Ndinayankha zoona, mwamanyazi. Sanandinyoze. Anangoti ndikhale pompo ndione, ndisachoke.

Atachotsa topu kava ndinaona zimene makaniko uja sanandiuze. M'kati monse munali matope akuda, ena ouma ngati makala, moti chitsulo chinkangooneka pamene camshaft imakhudza pokha. Kenako anamasula bawuti ina m'mbali mwa injini imene ine sindinkadziwa n'komwe kuti ili ndi ntchito, natulutsa ndi kapulayala kanthu kochepa ngati nsonga ya chala chaching'ono. Anati ndi kasefa ka OCV. Kamayenera kukhala ka waya woonekera ngati sefa ya tiyi. Kanga kanali kotsekeka gwa. Anakakweza kudzuwa, kuwala osadutsa ngakhale pang'ono.

Anandifotokozera atakhala pa chigubu, giya ili m'manja. VVT-i yonse imayenda ndi oyilo. Pampu imakankha oyilo, oyilo amadutsa pa kasefa kaja, n'kufika pa OCV. Kompyuta imauza OCV kuti itsegulire mbali iyi kapena iyo, ndipo oyiloyo amalowa m'tizipinda ta m'kati mwa giya n'kupotoza camshaft pang'ono, kuti mavalavu olowetsa mpweya atseguke msanga kapena mochedwa malinga ndi mmene injini ikugwirira ntchito. Ukazimitsa injini, kapini kakang'ono kamatseka giyayo kuti isagwedere mpaka oyilo atabweranso. Ndiye ngati kasefa katsekeka, ngakhale utamanga OCV ya golide, camshaft sisuntha. P0012 yanga yoyamba ija inali imeneyo.

Anafunsa ngati OCV yakale ilipo. Mnyamata wanga anathamangira kuseri kwa mpando n'kubwera ndi pepala la shuga lija. Sindinamuyang'ane kumaso. Mdala anaitsuka ndi petulo, naiyeza ndi mita. Anati buku la Toyota limafuna pakati pa 6.9 ndi 7.9 ohms ikakhala yozizira. Yanga yakale inaonetsa 7.4. Anaigunditsa mawaya a batire, ndipo kachitsulo ka m'kati kanati tha, kutsogolo, atachotsa kanabwerera kokha. Inali yamoyo. Ya K45,000 ija ataiyesa chimodzimodzi, kachitsulo kanapita koma kubwerera mpaka achite kukagogoda. N'chifukwa chake inazima pa Chimbiya: inakakamira potsegula, ndipo oyilo wochepa amene ankadutsabe anakankhira camshaft kutsogolo osabwereranso, injini n'kulephera kulira payokha. Ataziika pamodzi pa nsalu, kusiyana kunkaoneka ndi maso. Mabowo a yachinyengo anali ndi m'mphepete mokhakhala, zilembo zake zosindikizidwa mopendama, ndipo m'manja inali yopepukirapo. Kuyeza konseku sikunathe mphindi khumi, ndipo mita yake ndi yomwe ija amagwiritsa ntchito okonza mawailesi.

P0016 inali ya makaniko wachiwiri uja. Pobwezeretsa tcheni anaphonya dzino limodzi. Mdala anandionetsa zizindikiro za pa giya ndi pa tcheni mmene zinasemphanira, nati ndithokoze kuti linali dzino limodzi.

Giya yanga yakale inali yothadi, kapini kake kanadyeka chifukwa cha miyezi yonse ija ikulira m'mawa. Apa ndinamufunsa ngati ndiye kuti sipeya iliyonse yosachokera ku Toyota ndi yoipa. Anaseka. Anati Toyota yomweyo zinthu zambiri sipanga yokha, imapangitsa ku makampani ngati Denso ndi Aisin, ndipo makampani amenewa amagulitsanso masipeya m'mabokosi awoawo pa mtengo wotsikirapo. Imeneyo ndi sipeya yabwino. Palinso makampani ena amene amalemba dzina lawo pabokosi mosabisa, zina zawo zimakhalitsa, zina ayi, koma ukudziwa amene wapanga. Palinso za kaunjika zochotsedwa m'mainjini obwera kuchokera ku Japan, zimene kwa OCV zimathandiza ngati waiyeza, koma kwa giya ndi mwayi chabe poti m'kati suonamo. Zimene iye sakhudza ndi ziwiri zimene ine ndinagula: ya bokosi lopanda dzina, ndi yovala bokosi la eni ake pa mtengo wa bonya. Pa bampala kapena galasi, anatero, gula yotchipa, palibe chimene chingakuchitikire. Koma chinthu chimene chimagwira ntchito ndi timipata tochepa kuposa tsitsi, chobisika m'kati mwa injini moti kuchifikira n'kulipira ntchito, usachite nacho juga.

Tinagwirizana zoitanitsa giya ya Aisin kudzera kwa mlamu wanga ku Johannesburg. Apa napo ndinaphunzirapo kanthu. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zilibe nambala yaitali ya zilembo 17 imene mashopu a ku South Africa anazolowera, zili ndi nambala ya chesisi yaifupi, yanga imayamba ndi TRY230. Mlamu atangonena kuti Dyna, anamutulutsira za dizilo. Tinachita kumutumizira pa WhatsApp chithunzi cha kachitsulo kolembedwa nambala ya chesisi ndi ya injini, ndi zithunzi za giya yakale mbali zonse, mano ake titawerenga. Musanatumize ndalama kunja, yambani mwapeza nambala ya sipeyayo pogwiritsa ntchito chesisi yanu, ndipo wogulayo akutumizireni chithunzi asanalipire. Giya pamodzi ndi wa basi zinakwana K390,000. Anati ifika pa sabata imodzi. Inatenga masiku 16, ndipo masiku atatu omaliza ndinkangokhalira kudepoti ngati ndikudikira m'bale.

Podikirapo mdala anatsitsa sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini. Ndinamufunsa bwanji osangothira mankhwala otsukira injini aja amagulitsa m'mabotolo. Anati pa injini yodetsedwa chonchi mankhwalawo amagumula matope ambiri nthawi imodzi, n'kukatseka sefa yaikulu imene pampu imakokera oyilo, injini n'kugwira. Anatsuka ndi manja, ndi burashi ndi palafini, masiku awiri. Sefa ya m'sampuyo inali itatsekeka kale pafupifupi theka. Kasefa ka OCV tinagula katsopano, K12,000. Nditagwira kapaketi kake m'manja ndinakhala kaye chete, ndikukumbukira mayi uja atafunda chitenje pa Chimbiya.

Atamanga zonse, asanandipatse kiyi anamangirira geji yoyezera mphamvu ya oyilo kuti atsimikize kuti pampu ndi mabeyaring'i zili bwino, apo ayi giya yatsopanoyo ikanafanso. Zinali bwino. Anathira 10W-30 wa m'chigubu chomata ndi fyuluta yatsopano, nati ndibwere pa makilomita 1,000 tidzataye. Ndinadandaula kuti oyilo wodula chonchi n'kutaya asanagwire ntchito. Tsiku lotayalo anatuluka wakuda ngati wayenda chaka.

Kwa mdala ndinalipira K120,000 ya ntchito, K38,000 magasiketi ndi zomatira, K150,000 oyilo ndi mafyuluta maulendo awiri, kuphatikiza giya ndi kasefa zonse K710,000. Zimene ndinataya ndisanafike kwa iye, kuwerengera ndi kompyuta yoyamba ija, ndi K493,000. Apo sindinawerengere masabata asanu ndi awiri amene galimoto sinagwire ntchito yolongosoka. Ngongole ya ku banki m'khonde ndinamaliza mu August, titagulitsa mbuzi ziwiri za kumudzi.

OCV imene ili mu injini lero ndi yomwe ija inabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, ya m'pepala la shuga. Mnyamata wanga ndinamuonjezera malipiro, ndipo akafuna kundiseka amangofunsa ngati kuseri kwa mpando kukufunika kusesa. Oyilo ndimasintha pa 5,000 pamodzi ndi fyuluta, ndimalemba makilomita pa kapepala komata pa dashibodi, ndipo kasefa kaja timakatulutsa kukaona kamodzi pa chaka.

Mwa amayi atatu a tsiku lija, awiri anapeza galimoto ina ndipo sanabwererenso. Wamkulu uja anandiimbira mu May kuti kabichi wakhwima. Tinagonanso ku Bembeke, chisanu chili pomwepo. M'mamawa iye atakhala kale kutsogolo ndi chikwama chake pamiyendo, ndinatembenuza kiyi, tonse atatu tili chete kumvetsera pansi pa mpando. Injini inangolira bwinobwino.

"Tiyeni achimwene," anatero, "msika sudikira."